Kalankhulidwe ka Tiana: Chifukwa Ninji Mwana Amati “Madiso”?

Palibe nyumba imene inalerapo mwana yopanda mawu ake oseketsa, amene a pabanjapo amawakumbukira kufikira mwanayo atamera ndevu. M'midzi ya ku Malosa imene ili m'mbali mwa msewu waukulu wochokera ku Zomba kunka ku Liwonde, kamwana ka chaka chimodzi ndi theka kangathe kufuula kuti, “Moto! Moto!” mpaka mayi wake kutuluka ndi ndowa ya madzi, chonsecho kamwanako kalikuloza galimoto. Kena kamapempha “tochi” dzuwa lili pamutu, kutanthauza nthochi. Kenanso kakaona mbatata m'mbale kamati “tata”, agogo n'kuyesa kuti kalikuitana atate wake.

Akulu amaseka, ndipo kuseka sikulakwa. Koma ambiri amayesa kuti mawu otere amangogwa m'kamwa mwa mwana mwangozi, monga mango amagwera usiku wa mphepo. Apa ndiye pali kulakwa. Zophonya za mwana zimatsata njira yake, ndipo njirayo ndi imodzimodzi kwa ana a ku Malosa, a ku Lesotho ndi a ku Ulaya. Kholo kapena mphunzitsi wodziwa njirayo angathe kuzindikira ngati mwana alikukula bwino, kapena ngati pali chovuta chofuna a chipatala.

Chaka choyamba

Mwana amayamba kuphunzira chinenero asanabadwe. Miyezi itatu yotsiriza ali m'mimba makutu ake amakhala atayamba kumva, ndipo chimene chimamufika bwino ndicho kukwera ndi kutsika kwa mawu a mayi wake. Anthu ophunzira a ku France, motsogozedwa ndi Jacques Mehler, anaonetsa mu 1988 kuti makanda a masiku 4 okha amatha kusiyanitsa chinenero cha mayi wawo ndi chinenero chachilendo.

Pakati pa miyezi 6 ndi 10 mwana amayamba kubwereza maphatikizo: ba-ba-ba, ma-ma-ma, ta-ta-ta. Apa bambo amanyada, nauza anzake pabwalo kuti mwana wamutchula. Zoona zake n'zakuti mwanayo alikungoyesa milomo ndi lilime, pakuti kutseka milomo ndi kuitsegula ndiyo ntchito yapafupi kuposa zonse. Katswiri wa zinenero Roman Jakobson analemba mu 1960 kuti ichi ndicho chifukwa chake maina a makolo amafanana m'mitundu yosayandikana nkomwe. Amama, ababa, atate, adada, papa: makolo a dziko lonse anatola phokoso loyamba la makanda awo n'kulisandutsa maina awo. Tsono bambo uja asakhumudwe. Akapitiriza kuvomera nthawi zonse mwana akati “ba-ba”, posachedwa mwanayo adzazindikira kuti phokosoli limaitana munthu, ndipo pamenepo lidzakhala dzina lenileni.

Mawu oyamba a tanthauzo amadza pafupi ndi mwezi wa 12. Pofika chaka ndi theka ana ambiri amakhala ndi mawu makumi angapo, ena kufika 50. Pofika zaka 2 amalumikiza mawu awiri: “mama bwera”, “phala ayi”, “nana gona”. Ana sayenda limodzi ngati asilikali. Wina amafulumira, wina amachedwa miyezi ingapo, onse ali bwinobwino.

Chifukwa chake galimoto imasanduka moto

Munthu akatchula mawu a Chichewa pang'onopang'ono, adzamva kuti phatikizo lotsatana ndi lomaliza ndilo limakokedwa ndi kumveka koposa: ga-li-MO-to, mba-TA-ta, bu-la-NGE-te, chi-MA-nga. Khutu la mwana limagwira pamene pali polemera ndi chimene chikutsatapo, zinazo n'kutayika. Choncho galimoto ndi “moto”, bulangete ndi “gete”, chimanga ndi “manga”, ndalama ndi “lama”. Mwana sadula mawu pena paliponse. Kawirikawiri amasiya kumutu n'kusunga kumchira, ndipo chotsala chimakhala maphatikizo awiri.

Zilembo zophatikizana nazo zimamulemera. Nkhuku ndi “kuku”, mpira ndi “pila”, nsima ndi “tima” kapena “sima”. Ngakhale mawu amene akulu amagwiritsa ntchito polankhula ndi makanda, monga nana, dede, nyonyo, bibi ndi toto, anapangidwa pa muyeso womwewo wa maphatikizo awiri apafupi. Azigogo akale sanawerenge buku la zinenero, koma anadziwa chimene kamwa ya mwana ingathe kunyamula.

Mayi wina wa ku America, Katherine Demuth, anakhala kumudzi wa kumapiri ku Lesotho kuyambira 1980 mpaka 1982, akujambula zonena za tiana tolankhula Chisutu, chimene ndi chinenero chachibale ndi Chichewa. Anapeza kuti mutu wa dzina, wonga chi- wa chipewa kapena mu- wa munthu, umadza m'masitepe atatu. Poyamba mwana amausiya, kenaka amaikapo kaliwu kosamveka bwino, potsiriza amautchula wonse, kawirikawiri asanakwanitse zaka 3. Chodabwitsa n'chakuti ngakhale pamene mwana alikusiya mutu wa dzina, mawu otsatira amawagwirizanitsa molondola. Mayi wa ku Malosa atatchera khutu angathe kumva zofanana: mwana akuti “pewa changa”, osati “pewa langa”. Kodi “cha” ameneyu wamutenga kuti, popeza “chi” sanamutchule? Ndiye kuti m'mutu mwake mawuwo alimo athunthu. Chimene chikuchedwa ndi lilime lokha.

Nyimbo ya mawu imatsogola

Chichewa ndi chinenero cha kukweza ndi kutsitsa mawu. Mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika amalembedwa chimodzimodzi, koma palibe Mchewa amene amawasokoneza pakumva. Khungu la pathupi ndi khungu la maso ndi chimodzimodzinso. “Ndimapita” wa masiku onse ndi “ndimapita” wa munthu amene anali panjira dzulo amasiyana ndi kamvekedwe kokha. Mlendo wamkulu amavutika nazo izi zaka ndi zaka. Nanga mwana amatani?

Funso limeneli linafufuzidwa pafupi pomwepa. Aphunzitsi awiri a ku Chancellor College ku Zomba, Moira Chimombo ndi Al Mtenje, anasindikiza mu 1989 zimene anapeza atasanthula zonena za ana atatu olankhula Chichewa, kuyambira ali ndi chaka chimodzi kufikira zaka ziwiri ndi theka. Iwo anayang'ana makamaka mmene ana amakanira. Pofika zaka ziwiri ndi theka panalibe njira ya kukana ngakhale imodzi imene anawo anaidziwa kotheratu. Koma pa kukana chinthu chimene apatsidwa, pa kunena kuti chinthu sichinachitike, pa kunena kuti sadziwa, ndi pa kuletsa munthu, kukwera ndi kutsika kwa mawu kunali kutalondola kale ngakhale maphatikizo anali operewera.

Izi zikufotokoza chinthu chimene chimadabwitsa alendo. Mwana amatulutsa phokoso longa “i-u-na”, mlendo osamva kanthu, koma mayi ali kukhitchini n'kuyankha kuti, “Ngati sufuna leka.” Mlendo amayesa kuti mayiyo alikungopeka. Sikupeka ayi. Mwanayo waimba nyimbo ya “sindifuna” molondola, ndipo mayi wamva nyimboyo.

Madiso, madzanja ndi maphiri

Pano ndi pamene pagona phunziro lalikulu. Kamwana ka zaka ziwiri kamatha kunena kuti “maso” ndi “manja” bwinobwino. Pakapita miyezi ingapo kamayamba kunena kuti “madiso”, “madzanja”, “madzino”, “matsamba”. Kakayang'ana kumtunda kwa Malosa ndi Zomba kamati “maphiri”. Makolo amadandaula kuti mwana wabwerera m'mbuyo, mwina wina n'kumaganiza kuti waonongeka ndi anzake osewera nawo.

Koma kodi “madiso” anawamva kwa yani? Palibe wamkulu pamudzi amene amatero. Mawuwa mwana wawapanga yekha. Poyamba ankanena “maso” monga mbalame yotengera mawu, osadziwa kuti pali ubale pakati pa diso ndi maso. Kenaka wamva kuti buku likachuluka ndi mabuku, dengu ndi madengu, bwalo ndi mabwalo, boma ndi maboma. Popanda womuuza, watulukira lamulo: chinthu chikachuluka, ika “ma” kutsogolo. Tsono alikugwiritsa lamulo lakelo paliponse, ngakhale pa mawu amene salimvera. Diso, dzino ndi dzanja ndi mawu a makani, amene amasintha mwa njira yawoyawo, ndipo mwana ayenera kuwaphunzira limodzilimodzi. Akadzawamva kokwanira adzabwerera ku “maso”, ndipo ulendo uno adzakhala akudziwa chimene alikunena. Choncho tsiku limene mwana wanena “madiso” ndilo tsiku limene waonetsa kuti mutu wake ulikugwira ntchito.

Ndipotu nthawi zina mwana ndiye amapambana. Akulu ambiri masiku ano amati “makhasu” m'malo mwa makasu, osachita nazo manyazi. Zinenero zimasintha motero, zophonya za mbadwo wina n'kukhala zolondola za mbadwo wotsatira.

Pa mawu a ntchito zimachitikanso. Mwana wamva kuti chitseko amatseka ndipo amatsekula, kalata amamata ndipo amamatula. Tsono mbuzi ikamangidwa pamtengo iye amalira kuti, “Imanguleni!” Mawu olondola ndi “masulani”, koma ndani angatsutse nzeru yake? Wamva kuti kudya kumabala kudyetsa, kulowa kumabala kulowetsa, kugona kumabala kugonetsa. Ali pamwamba pa mtondo amati, “Munditsikitse,” ndipo m'mawa amadandaula kuti tambala “wamudzukitsa”. Akulu amati kutsitsa ndi kudzutsa, koma mwana watsata njira yowongoka.

Mu 1958 mayi wina wophunzira ku America, Jean Berko, anayesa nkhani imeneyi mochenjera. Anajambula kanyama kopeka n'kukapatsa dzina limene kulibe m'Chingerezi, lakuti “wug”. Kenaka anaonetsa ana tinyama tiwiri totero n'kuwafunsa dzina lake. Anawo anayankha kuti “wugs”, monga lamulo la Chingerezi lifunira, ngakhale mawuwo anali asanawamvepo chibadwire. Mphunzitsi aliyense wa ku Domasi, ku Songani kapena ku Malosa angathe kuyesa zomwezi popanda kugula kanthu. Aumbe kanthu kachilendo ndi dothi, auze mwana wa zaka zinayi kuti, “Ichi ndi chipwati.” Aumbe china, afunse kuti, “Nanga izi ndi chiyani?” Mwana akayankha kuti “zipwati”, mphunzitsiyo wadzionera yekha kuti ana amafika ku sukulu atanyamula kale malamulo a chinenero chawo, amene iye adzangowapatsa maina.

Ababa a pamsika

Tanthauzo la mawu nalo mwana amalifunafuna monga munthu wofufuza malire a munda watsopano. Akaphunzira kuti “mbuzi”, galu ndi mbuzi, ng'ombe ndi mbuzi, ngakhale nyani wotsika m'phiri kudzaba chimanga ndi mbuzi. Akaphunzira kuti “ababa”, mwamuna aliyense wa buluku ndi ababa. Mayi wina amachita manyazi pamsika mwana akaloza wogulitsa matemba n'kufuula kuti “Ababa!”, anthu n'kuyamba kuyang'anana. Palibe chinsinsi chimene mwanayo waulula. Iye sanadziwebe kuti dzinalo lili ndi mwini mmodzi.

Mawu akuti “ine” ndi “iwe” ndi ovuta koposa, pakuti amasamuka. Mayi akalankhula, “ine” ndi mayi. Mwana akalankhula, “ine” ndi mwana. Tsiku ndi tsiku mayi amafunsa kuti, “Ndikubereke?” n'kumuika kumsana. Mwana amasunga mawu onsewo ngati dzina la chinthu chokomacho. Tsono akatopa panjira amakweza manja kwa mayi wake n'kunena kuti, “Ndikubereke!” Pa chifukwa chomwecho ana ambiri amadzitchula dzina m'malo monena kuti “ine”, kufikira pafupi ndi zaka 3.

Maina a chibale amabala zoseketsa zina. Mwana wokulira pakhomo pamene pali achemwali a bambo wake angathe kuitana mayi wake kuti “alamu”, popeza ndi mmene amamvera. Wina amaitana agogo ake kuti “amayi”, wina amaitana bambo wake kuti “bambo a nana”. Ulemu nawo umamusokoneza. Wamva kuti “agogo abwera” pamene wabwera ndi munthu mmodzi, ndipo “ana abwera” pamene ali ambiri. Pofuna kusalakwa amalemekeza zonse: “Ambuzi alowa m'nyumba.” Mawa lake amauza a mfumu kuti “iwe”. Apa makolo asafulumire ndi mkwapulo. Mwana wa zaka ziwiri sanachite chipongwe. Ulemu wa “inu” amauphunzira poumva ukuchitika, makamaka pamene bambo ndi mayi alikulemekezana okha.

Za nthawi n'zosachita kunena. “Mawa ndinadya nsomba.” “Tidzapita dzulo.” Dzana ndi mkuja zimadza mochedwa zedi, pakuti palibe angaloze mawa ndi chala.

Mwana amamva mawu monga alili. Nkhungu ikaphimba phiri la Malosa m'mwezi wa June, amafunsa kuti ndani alikuphika kumwambako. Akamva kuti bambo apsa mtima, amafuna kuwathira madzi. Akamva kuti munthu wina wadya ndalama za mpingo, amafunsa ngati zinali zokoma. Akamva kuti shuga watsika mtengo, amayang'ana m'mwamba. Zonsezi n'zoseketsa, koma pali pena pamene kumva kotereku kumavulaza. Pamaliro akulu amazungulira mawu: agogo atisiya, agogo apita, agogo agona. Mwana wa zaka zitatu amamva kuti apita, tsono amakhala pakhomo kudikira kuti abwera liti, mwina n'kumaganiza kuti amuthawa chifukwa iye anavuta. Akamva kuti agona ndipo aikidwa m'dothi, angathe kuyamba kuopa tulo, kapena kulira akaona mayi wake atatseka maso. Ndi bwino munthu mmodzi amene mwanayo amamukhulupirira amuuze mofatsa ndi mawu olunjika, kuti agogo amwalira, sadzabweranso, ndipo si chifukwa cha iye. Adzafunsanso kambirimbiri, ndipo yankho likhale lomwelo.

Mwana wa zinenero ziwiri

Ku Malosa, m'dera la Mfumu Malemia, nyumba zambiri zimalankhula Chiyao pamodzi ndi Chichewa, zina ndi Chilomwe chomwe. Chotero si chachilendo kumva mwana akuti, “Ndifuna mesi,” kapena “Ugali wanga uli kuti?” kapena kutchula nkhuku kuti “nguku” pakati pa mawu a Chichewa. Makolo ena amachita mantha kuti mwana asokonezeka mutu, ndipo amaletsa agogo kulankhula naye Chiyao. Mantha amenewa alibe maziko. Mwana amatola mawu amene ali pafupi, monga akulu omwe amachitira pamsika. Amene afuna kudziwa kuchuluka kwa mawu a mwana wotere awerenge a zinenero zonse ziwiri pamodzi, ndipo adzapeza kuti sali m'mbuyo mwa anzake. Pofika zaka zitatu kapena zinayi amadziwa yekha kuti agogo awa ndi a “mesi”, aphunzitsi awo ndi a “madzi”.

Ubwana ndiyo nthawi imene khutu lili lotseguka. Mu 1984 Janet Werker ndi Richard Tees a ku Canada anapeza kuti makanda a miyezi 6 mpaka 8, a m'nyumba zolankhula Chingerezi, amatha kusiyanitsa malilime a Chihindi amene makolo awo sawasiyanitsa. Pofika miyezi 10 mpaka 12 ambiri anali atasiya kutero, pakuti khutu linali litazolowera za kwawo zokha. N'chifukwa chake mlendo wamkulu amavutika kumva kusiyana kwa kuponya ndi kuphonya, kapena kupala ndi phala, pamene kamwana ka pamudzi sikaganizako nkomwe. Agogo amene alikulankhula Chiyao ndi mdzukulu wawo alikumupatsa chuma pa nthawi imene chili chotsika mtengo. Mphunzitsi wa Sitandade 1 naye asanyoze mwana wosakaniza. Amve chimene mwanayo afuna kunena, amuyankhe, ampatse mawu a Chichewa pambali pa mawu amene wabwera nawo.

Zimene akulu angachite

Kukonza mwana mwaukali sikuthandiza. Mayi angathe kunena kakhumi kuti, “Nena kuti maso,” mwana n'kuyankha kakhumi kuti, “Eya, madiso.” Njira yabwino ndiyo kumuyankha pa nkhani yake n'kubwezamo mawu olondola. Mwana akati, “Madiso akuwawa,” mayi ayankhe kuti, “Maso akuwawa? Bwera ndione maso akowo. Walowa utsi m'maso.” Mwana wamva mawu olondola katatu popanda kuchititsidwa manyazi. Akati “moto” akuloza msewu, wamkulu avomere kuti, “Eya, galimoto yaikulu, yanyamula matabwa.”

Kuseka kwa chikondi mwana amakukonda, ndipo amabwereza kuti anthu asekenso. Koma kumuitanira alendo kuti adzamve mmene amalakwira, kapena kumupatsa dzina lonyoza lochokera pa chophonya chake, kumatseka pakamwa ana amanyazi. Izi n'zofunika makamaka pa chibwibwi. Ana ambiri a zaka 2 mpaka 5 amadodoma polankhula, pakuti maganizo alikuthamanga kuposa lilime, ndipo ochuluka a iwo amasiya okha. Womvera adikire, asamalizire mwana mawu, asamuuze kuti afulumire. Chibwibwi chikapitirira miyezi yambiri, kapena mwana akayamba kuopa kulankhula, makolo akafunse ku chipatala.

Kumudzi mwana amakhala nthawi yaitali kumsana kwa mayi kapena kwa mlongo wake wamkulu. Malo amenewa ndi sukulu yabwino ngati womuberekayo alankhula naye. Posinja, potunga madzi ku Likwenu, potola nkhuni, pali zinthu zambiri zozitchula maina. Nthano za madzulo, zilapi, nyimbo za masewera ndi kuwerenga zala ndi chakudya cha lilime. Phunziro lotere si latsopano kuno. Sukulu ya Jeanes imene inatsegulidwa ku Domasi mu 1929 inkaphunzitsa aphunzitsi pamodzi ndi akazi awo, ndipo kasamalidwe ka ana kanali pakati pa maphunziro a amayiwo. Masiku ano ntchito yotere ili m'manja mwa alezi a sukulu za mkombaphala, amene ayenera kukumbukira kuti kuloweza mawu a Chingerezi mokuwa pamodzi sikulowa m'malo mwa kucheza ndi mwana mmodzimmodzi.

Wailesi, kanema ndi foni sizingagwire ntchito imeneyi. Mu 2003 Patricia Kuhl ndi anzake a ku America anatenga makanda a miyezi 9 n'kuwamvetsera Chitchaina maulendo 12. Amene anasewera ndi munthu wamoyo wolankhula Chitchaina anaphunzira kusiyanitsa malilime a chinenerocho. Amene anaonera anthu omwewo pa kanema, kapena kungomva mawu awo, sanaphunzire kanthu. Mwana amaphunzira kwa munthu amene alikumuyang'ana ndi kumuyankha. Mayi amene apatsa mwana foni kuti akhale chete apeza ndithu chimene wafuna: mwanayo akhala chete.

Mwana wosaseketsa

Mwana wonena “madiso” ndi “ndikubereke” asadetse nkhawa munthu. Wodetsa nkhawa ndi mwana amene alibe chophonya chilichonse chifukwa salankhula. Kawirikawiri mwana wotere amayamikiridwa kuti ndi wofatsa, wosavuta, ndipo achibale amatonthozana kuti amalume ake nawo anachedwa. Mwina ndi zoona. Koma mwina mwanayo sakumva, ndipo mwezi uliwonse wodikira ndi mwezi wotayika, pakuti zaka zitatu zoyamba ndizo zimene bongo umalandira chinenero mosavuta.

Zizindikiro zake n'zoonekeratu. Khanda silidzidzimuka chitseko chikamenyeka. Pa miyezi 6 silitembenukira kumene kwachokera mawu. Pofika miyezi 10 kapena 12 palibe ba-ba kapena ma-ma. Pano makolo achenjere, pakuti ngakhale khanda losamva limalira, kuseka ndi kutulutsa phokoso miyezi yoyamba. Chimene chimasowa ndi maphatikizo obwerezabwereza aja. Atapitirira chaka saloza chinthu ndi chala ndipo satembenuka akaitanidwa dzina. Pa chaka ndi theka alibe liwu ngakhale limodzi. Pa zaka 2 salumikiza mawu awiri. Ndipo pa msinkhu uliwonse, mwana amene ankalankhula n'kusiya afunika kuonedwa msanga.

Kholo lingathe kuyesa kunyumba. Mwana wa miyezi 7 kapena kuposa akhale pamiyendo pa mayi, wina aime kumbuyo kumene mwana samuona, agogode supuni pa kapu mbali imodzi, kenaka mbali ina. Asamale kuti chithunzithunzi chake chisaonekere ndiponso asaponde pansi mwamphamvu, pakuti mwana wosamva amakhala tcheru ndi maso ndi kugwedezeka kwa nthaka, ndipo angathe kunyenga oyesawo. Kuyesa kotere kumangopatsa chithunzi. Ngati kukayika kulipobe, ngakhale mwana atatembenuka, ayenera kukapimidwa.

Zimene zimaononga makutu a ana n'zodziwika. Mafinya otuluka m'khutu nthawi yaitali ndiwo amatsogola, ndipo ambiri amawaona ngati chinthu chachabe cha ubwana. Chikuku, matenda oumitsa khosi, malungo aakulu okomola, chikasu chachikulu cha khanda longobadwa, ndi kubadwa masiku asanakwane, zonsezi zingathe kusiya mwana wosamva bwino. Ena amabadwa nako. Katemera wa kusikelo ndi kugona m'masikito zimateteza makutu pamodzi ndi moyo. M'khutu lotuluka mafinya musathiridwe mafuta, madzi a masamba kapena chilichonse chimene sanalembe a chipatala. Pali enanso amene amayesa kuti mwana wochedwa kulankhula ali ndi lilime lomangika, ndipo amafuna kulidula ndi lumo kumudzi. Kuchedwa kulankhula kawirikawiri sikuchokera pamenepo, ndipo kudulako kumabweretsa kutaya magazi ndi matenda. Kunyentchera nako kumachedwetsa mwana pa zonse, kulankhula komwe.

Poyambira ndi kusikelo, kwa alangizi a zaumoyo a m'mudzi, kapena ku chipatala cha St Luke's ku Malosa komweko. Iwo akaona kuti n'kofunika amatumiza mwana ku chipatala chachikulu cha Zomba, kapena ku Queen Elizabeth ku Blantyre kumene kuli opima makutu ndi makina. Dziko la Malawi lili ndi muyeso wakewake wa kakulidwe ka ana, wotchedwa Malawi Developmental Assessment Tool, umene unasindikizidwa mu 2010 atauyesa pa ana a kumidzi ya konkuno, kotero kuti mwana sayesedwa ndi zinthu za ku Ulaya zimene sanazionepo.

Mwana akapezeka kuti sakumva, chinenero sichinamutsekere. Ena amathandizidwa ndi mankhwala a m'khutu, ena ndi kachipangizo kokweza mawu. Ena amaphunzira chinenero cha manja, chimene ndi chinenero chathunthu chokhala ndi malamulo ake. Laura Petitto ndi mnzake anaonetsa mu 1991 kuti makanda osamva amene makolo awo amalankhula ndi manja amachita “ba-ba-ba” wawo ndi zala, pa msinkhu womwewo umene anzawo amachita ndi milomo. Sukulu za ana osamva zilipo ku Maryview ku Nguludi m'boma la Chiradzulu, ku Mua m'boma la Dedza ndi ku Embangweni m'boma la Mzimba.

Popita ku chipatala kholo litenge buku la kusikelo la mwanayo, ndipo likonzekere kuyankha mafunso awa: mawu amene mwana amanena ndi angati ndipo ndi ati, m'zinenero zonse za pakhomo, kodi amamva akatumidwa kanthu popanda kumulozera, anadwalapo chiyani ndipo liti, khutu linatulukapo mafinya kangati. Mawu oduka monga “gete” ndi “lama” awerengedwe nawo, pakuti kwa wopimayo amenewo ndi mawu enieni.